Mbiya Imene Anafukula Atsibweni

Ntchito yanga ndi yofufuza tizilombo tosaoneka ndi maso. Ndinaiphunzira ku yunivesite, ndipo nditamaliza ndinalembedwa mu labotale ina ku Lilongwe, kumene tinkayeza madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, komanso mtedza wogwidwa ndi chuku. Kwathu, kumudzi wina wa kufupi ndi Kapondo, ntchitoyi sankaimvetsa kwenikweni. Amayi ankauza anzawo a kumphakati wa kutchalitchi kuti ndimagwira kuchipatala, poti anandionapo pachithunzi nditavala gauni yoyera. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ankanditcha adokotala a tizilombo, ndipo tikangoonana ankafunsa ngati odwala anga akupezako bwino.

Atsibweniwo anali munthu wosakhazikika pa ntchito imodzi. Analimapo fodya, anagulitsapo zitenje za ku Chipata, anawetapo nkhumba mpaka zinatha ndi chigodola. Chaka chimene ndikunenachi anayamba kuumba njerwa, chifukwa ku Kamwendo anthu ankamanga masitolo ngati akupikisana. Dothi ankalikumba pa chulu cha m'mphepete mwa bwinja, malo amene makolo athu ankakhala kalekale mudzi usanasamukire kumsewu. Pabwinjapo sipalimidwa. Pali misuku ndi mitengo ina yachilengedwe, ndipo tili ana tinkatolako masuku ndi kuzulako bowa.

Tsiku lina masana ndili pantchito, foni inalira.

"Adokotala, muli ndi odwala?"

"Ndili nawo, atsibweni. Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Tafukula mbiya pabwinja. Khasu langolira kuti gwe, ine n'kumati ndi mwala. Tikukumba m'mbali, tangoona mlomo. Yaikulu, mwana akhoza kubisalamo. Amayi anu akuti tiikwirirenso, ine ndikuti tiitsuke tizisungiramo madzi oumbira njerwa. Inu mukuti bwanji?"

"Musaitsuke!" ndinakuwa mpaka anzanga a mu labotale anatembenuka. "Musaichotse pamalopo, musathiremo madzi, musalowetsemo dzanja."

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana amene amatilondola ndi sopo kulikonse, lero akuti tisatsuke! Chabwino, tamva."

Chimene chinandikuwitsa chinali chakuti ndinali ndi mnzanga wa ku yunivesite, mayi amene anaphunzira zofukula zinthu zakale. Iye ankadandaula kawirikawiri kuti anthu akapeza mphika wakale amaukwecha ndi mchenga kuti uoneke bwino, osadziwa kuti nkhani yonse ya mphikawo yapita ndi madzi otsukira. Ndinamuimbira nthawi yomweyo. Loweruka m'mawa tinakwera minibasi mpaka pa Kamwendo, pamenepo n'kutenga makabaza awiri. Inali nyengo ya dzuwa, ndipo tinafika kumudzi nsidze zili mbuu ndi fumbi.

Mbiyayo tinaipeza itakwiririka mpaka m'khosi, atsibweni ataizinga ndi minga kuopa mbuzi. Inali yakuda, yokhala ndi timizere todukizadukiza kuzungulira khosi lonse, ndipo mbali imodzi muzu wa mtengo unali utalowa pa mng'alu. Mnzanga uja anagwada n'kuyamba kuchotsa dothi pang'onopang'ono ndi kampeni konga ka amisiri omanga ndi burashi. Pambali pake panatuluka mwala wa mphero, wosalala pakati chifukwa chopererapo, ndi makala ochepa. Anauza atsibweni mwaulemu kuti zinthu zotere zimatetezedwa ndi boma, choncho pachulupo pasakumbidwenso. Ndinkaganiza kuti atsibweni akwiya, koma iwo anali atatanganidwa kale ndi kufotokozera anthu amene anasonkhana mmene khasu linalirira.

Ine gawo langa linali m'kati mwa mbiya. Titachotsa dothi lonse, pansi pake panali makoko akuda, ouma gwa. Ndinavala magolovesi, n'kutenga supuni yowiritsidwa, n'kupala pang'ono n'kuika m'timabotolo. Amayi anaima chapatali atagwira m'chiuno.

"Ndiye mwachokera ku Lilongwe kudzapala makoko?" anatero. "Ndikanadziwa kuti mumawafuna, kukhitchini kuno aliko tsiku lililonse."

Ku labotale makokowo anandisunga milungu ingapo. Ndinkawayeza ndikamaliza ntchito yanga yanthawi zonse, abwana atandilola. Ufa uliwonse, ukauona pa maikulosikopu, chida chokulitsa tinthu tating'ono, ndi timibulu tambirimbiri, ndipo mbewu iliyonse ili ndi timibulu ta maonekedwe akeake. Ta chimanga ndi tokulirapo, ta ngodya. Ta chinangwa tili ngati kamtsuko kodulidwa kumapeto. Ndinagula ufa wamitundumitundu kumsika kuti ndiziyerekeza. Kwa masiku ambiri sindinkaona kanthu koma mwaye ndi mchenga, mpaka maso kuwawa.

Kenaka m'mawa wina, ndikusuntha kagalasi pang'onopang'ono, ndinationa. Tinali timibulu tating'ono kwambiri, tounjikana pamodzi, tosafanana ndi ta chimanga ngakhale pang'ono. Tinkafanana ndi ta mawere. Tambiri tinali tobookabooka, ngati nyemba zofumbwa. Mabowo amenewo ndinkawadziwa. Mbewu ikamera imayamba kudya ufa wake womwe, ndiye chifukwa chake chimera chimatsekemeretsa phala. Pakati pa timibuluto panalinso timakoko tozungulira ta yisiti, tizilombo timene timatupitsa buledi ndi kusasitsa mowa. Tinali takufa kalekale, koma tinalipo.

Ndinadzambatuka mpaka mpando kugwa. Ndinavina ndekhandekha pakati pa matebulo, magolovesi ali m'manja, ndipo mnzanga woyeza madzi atalowa anaima pakhomo n'kufunsa ngati ndapeza banja. Ndinamukokera pa maikulosikopu kuti aone. Mayi wina amene dzina lake palibe akulidziwa ananyika mawere, anawayala kuti amere, anawapera pa mphero ija, anaphika n'kuthira mu mbiya, ndipo ntchito ya manja ake inali patsogolo pangapa. Mwina ndinali wa mbumba yake. Ndinayesa kudzutsa yisitiyo pomuika m'mbale za chakudya cha tizilombo, koma chinamera ndi nkhungu ya m'dothi basi. Sizinandikhumudwitse. Mlungu womwewo mnzanga wofukula uja anaimba kunena kuti posefa dothi la pambali pa mphero wapeza timbewu topserera, ndipo tinali mawere. Za msinkhu wa mbiya ananena mosamala kuti ndi yakale kuposa zimene nkhalamba iliyonse ya m'mudzi ingakumbukire.

Nkhani yotere sinali yonena pafoni. Ndinabwereka maikulosikopu yakale yophunzitsira, yosafuna magetsi, yongotenga kuwala kwa dzuwa ndi kakalilole, n'kupita nayo kumudzi nditaikulunga m'chitenje. Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi tinaika tebulo pabwalo la kwa amayi. Anthu anandanda mzere ngati pachigayo. Ena ankatsinzina diso lolakwika. Ena ankaona nsidze zawo zomwe n'kumati ndi njoka. Koma amene anaona, anaona, ndipo ankachoka akupukusa mutu n'kumaseka.

Amayi anakana kaye, akuti maso awo ndi okalamba. Ndiye ndinatenga dontho la thobwa limene anaphika dzana lake n'kuliika pa kagalasi. Anawerama nthawi yaitali.

"Timeneti tikuphukira tinzake m'mbalimu ndi tiyani?"

"Ndi yisiti, amayi. Wamoyo. Ndi amene amachititsa kuti thobwa lanu lizibwata. Wa mu mbiya muja ndi yemweyu, kungoti anafa."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuweta ziweto osadziwa?"

"Mwakhala mukuweta, ndipo zonenepa."

Anaweramuka akuseka, n'kuitana anzawo a kumphakati mmodzimmodzi kuti adzaone khola lawo.

Mkangano unabuka nditafotokoza za mbiya. Amayi anati zikuonekeratu kuti makolo athu ankaphika thobwa. Atsibweni anati alongo awo asanamize anthu, mbiya ya msinkhu umene uja singakhale ya thobwa, unali mowa wa masese, ndipo mwina mwini wake anaiiwala chifukwa cha mowa womwewo. Amuna anaima kumbali ya atsibweni, amayi a kumphakati kumbali ya amayi, ndipo onse anatembenukira kwa ine.

"Adokotala, gamulani," anatero atsibweni.

Ndinawauza zoona, kuti galasi langa silingasiyanitse. Chimera n'chimodzi, yisiti ndi mmodzi, kusiyana kwake ndi masiku amene mbiya yakhala isanamwedwe.

"Basi, ndiye linali thobwa," anatero amayi. "Mowa uliwonse umayamba uli thobwa."

"Ndipo thobwa lililonse likakula limakhala mowa," anayankha atsibweni. "Inu mukunena za ubwana wake, ine ndikunena za ukulu wake."

Mlanduwo mpaka lero sunathe. Koma madzulo a tsikulo amayi anandifunsa funso lina, ngati mu mbiyamo munalibedi chimanga. Ndinati m'zimene ndinapala sindinaonemo. Kenaka anati iwo chibadwire sanalawepo thobwa la mawere okhaokha. M'mudzi mwathu mawere anali atasiya kulimidwa iwo ali mtsikana, fodya ndi chimanga cha makono zitatenga minda yonse. Chimera ankapanga cha chimanga, kapena kugula kambale ka mawere kumsika kongokometsera. Anati akufuna alime okha, aphike, amve mmene makolo ankamvera.

Mbewu inativuta. Mawere a kumsika ndinawayala pa nsalu yonyowa, ndipo ambiri sanamere, anali okhalitsa. Amene anatithandiza ndi bambo wina wachikulire wa sitolo pa Kamwendo, Msilamu, amene amayi ankagulako mchere ndi sopo kuyambira ine ndili pasukulu. Atamva nkhani ya mbiya anatseka kabati ya ndalama, n'kutulutsa mipando iwiri, n'kutiuza kuti tiyambirenso pachiyambi. Anali ndi mlamu wake wochita malonda kutsidya kwa malire, kumidzi ya ku Zambia kumene ena akadalimabe mawere. Patapita milungu ingapo anatitumizira uthenga kuti kathumba kafika. Mbewuyo inali yofiirira, yonyezimira, ndipo pa nsalu yanga inamera pafupifupi yonse.

"Ndili ndi pempho limodzi, amayi," anatero potipatsa. "Mukaphika mundiitane tsiku loyamba, likadali lotsekemera. Masiku otsatirawo ndawasiyira alongo anu aja."

Mvula itagwa amayi anawaza mawerewo m'chigawo cha munda wawo chakumtunda. Anamera ngati udzu, ndipo anthu odutsa ankawafunsa chifukwa chake asiya kupalira.

M'miyezi yodikira imeneyo ndinkabwera kumudzi pafupipafupi, ndipo bwinja lija linandipatsa ntchito ina. Atsibweni anali atasamutsira nkhuti yawo youmbira njerwa pa chulu china, koma ankafunabe kudula mitengo ya pabwinja kuti aotchere uvuni. Ine ndinatapa dothi la pansi pa misuku, n'kutapanso la m'munda wawo wakale wa fodya, n'kukaziyeza. La m'munda linali ndi zamoyo zochepa. La pabwinja linali lodzaza, ndipo timizu ta misuku tinali titavala ulusi woyera wopyapyala. Ulusi umenewo ndiwo thupi lenileni la bowa. Umakhala m'dothi chaka chonse, kumatungira mtengo madzi ndi chakudya, mtengo n'kumaugawirako zotsekemera zake, ndipo chimene timazula m'dzinja ndi chipatso chake chabe.

Amayi a kumphakati anali ndi nazale kudambo. Mitengo ina inkakula bwino, koma misuku inkangomera, n'kuchita chikasu, n'kufa. Ndinawapempha kuti tiyese kusakaniza kadothi ka pabwinja m'machubu ena, ena tiwasiye mmene alili. Pofika kumapeto kwa mvula panalibe wofunika kumuuza kuti machubu ake ndi ati. Mbande za dothi la pabwinja zinali zobiriwira, masamba otambalala. Ndinawatengera atsibweni kumeneko, n'kuzula mbande imodzi, n'kuwaonetsa ulusi uja pa mizu.

"Ndiye mukuti ndikadula misuku, bowa wa utale nayenso apita?"

"Apita, atsibweni. Sakhala popanda mitengo yake."

Atsibweni ankakonda utale wotendera kuposa nyama. Anayang'ana mbandeyo kwa kanthawi, n'kuibwezera m'chubu ndi manja awo, n'kutsindira dothi. Uvuni wa chaka chimenecho anauotcha ndi bulugamu wogula, akudandaula njira yonse, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wolowa pabwinja ndi nkhwangwa ankakumana ndi iwo.

Zimenezi zinasintha ntchito yanga. Ine ndi mnzanga wofukula uja tinalemba zimene tinapeza, ndipo patapita nthawi tinayamba kuyendera limodzi mabwinja ena a m'boma lathu, cha ku Ludzi ndi m'munsi mwa mapiri a kumalire. Iye amaona mapale ndi ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, ine ndimaona zotsalira m'miphika ndi zamoyo za m'dothi. Madzi a m'zitsime ndimayezabe, koma theka la mwezi nsapato zanga zimakhala zofiira ndi katondo, ndipo ndimakonda choncho.

Mawere a amayi anacha nthawi ya masika. Mbalame zinadyako gawo lawo ngakhale amayi anamanga mapepala apulasitiki m'munda monse. Amayi a kumphakati anabwera ndi timipeni, kumadula ngala imodziimodzi n'kumaponya m'malichero, akuimba nyimbo za kwaya. Ena anali asanagwirepo ngala ya mawere chibadwire. Titapuntha ndi kupeta, amayi anapatula mbewu ya chaka chamawa, ena ananyika kuti apange chimera, otsala anakagayitsa. Wa chigayo anakana poyamba, akuti timbewu totere tingothera m'makina, mpaka anamulonjeza chikho chake cha thobwa.

Mbiya yakale ija inali itatengedwa kukasungidwa kumalo osungirako zinthu zakale, choncho mayi wina woumba miphika wa mudzi woyandikana nafe anaumba ina, akuonera chithunzi cha pa foni yanga, ndi timizere take ta m'khosi tomwe. Amayi anaphika phala m'mamawa, n'kulisiya kuti lizizire mpaka chala chizipirira, n'kuwazamo chimera. Phala lolimba lija linasungunuka tikuona. Analiwiritsanso, n'kulithira mu mbiya, n'kuvundikira ndi lichero.

Mawa lake masana tinakhala pansi pa misuku pabwinja pomwepo, mikeka itayalidwa. Mnzanga wofukula uja anabwera kuchokera ku Lilongwe. Bambo wa sitolo uja anafika pa njinga yamoto atavala mkanjo woyera, ndipo amayi anamupatsa chikho choyamba. Thobwalo linali lofiirira ngati dothi lonyowa, losalala pakhosi, lotsekemera popanda shuga, lonunkhira mosiyana ndi lililonse limene ndinamwapo. Bamboyo anamwa osapumira, n'kupukuta ndevu, n'kupereka chikho kuti amuonjezere. Amayi analawa pomalizira. Anasunga thobwalo m'kamwa kanthawi asanameze.

"Anthu aja ankadya bwino," anatero.

Wina anabweretsa ng'oma, ndipo amayi ndi anzawo anavina chimtali mpaka fumbi linakwera m'masamba a misuku. Mnzanga wofukula uja, amene kwawo ndi kumpoto, anamukokera m'bwalo n'kumumanga chitenje m'chiuno. Atsibweni anamwa zikho ziwiri mwaulemu, akuyamikira, kenaka ndinawaona akuzemba ndi ndowa yaing'ono ya thobwa yovundikira kulowera kunyumba kwawo. Amayi nawonso anawaona, koma anayang'ana kumbali.

Pobwerera ku Lilongwe tsiku lotsatira, amayi anandithirira thobwa m'chigubu kuti anzanga a ku labotale akalawe, n'kundipatsanso kathumba ka mbewu. Ndinakhwefula chitsekero pang'ono kuti mpweya uzituluka, koma pamene ndinkatsanzikana ndi anthu, amayi anachiona n'kuchimanga zolimba kuopa kuti lingatayike. Pa Kamwendo kondakitala anaika chigubucho pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo dzuwa linali litakwera kale.

Titangodutsa pa Namitete panamveka kuti phuu! Chitsekero chinagunda denga la minibasi. Mayi wina anakuwa kuti tayala laphulika, dalaivala anaima pambali pa msewu, ndipo thovu lofiirira linali likuyenderera pansi pa mipando. Ndinatuluka ndi chigubucho chikadabwatabe, ndikupepesa uku ndi uku. Koma fungo linali litadzaza kale m'galimoto.

"Alongo, limeneli ndi thobwa lanji?" anafunsa kondakitala.

"La mawere okhaokha."

"Ndiye mukufuna lithere pansi?"

Wina anatulutsa kapu m'chikwama, wina anadula botolo la madzi pakati. Tinaima pamenepo m'mphepete mwa msewu, anthu osadziwana, kumapatsirana, ine ndikufotokoza za mbiya ndi timibulu tobooka, dalaivala akuimba hutala koma naye dzanja atatambasula pawindo. Ku labotale sikunafike ngakhale dontho.

Titakweranso, bambo wina wa imvi amene anakhala pafupi nane anandifunsa motsitsa mawu ngati mbewu yake ikupezeka. Anati kwawo ndi ku Msundwe, ndipo ali ndi kamunda kamchenga kamene chimanga chimakana. Ndinamasula kathumba kaja n'kumutapira manja awiri. Anamanga pa ngodya ya mpango wake, n'kuika m'thumba la jekete, ndipo mpaka pamene anatsikira ankandifunsa za kafesedwe kake.